Nyumba Yoletsedwa Kuferamo

Loweruka lapitali ndinapimidwa ngati mbuzi ya pamsika. Anandiyang'ana m'maso, anandiuza kuti nditsokomole, anandifunsanso chimene chinapha bambo anga. Sindinali kuchipatala ayi, kapena kolembetsa ntchito ya ku Joni. Ndinkangofuna nyumba ya lendi.

Inu amene mumawerenga ndime ino mukudziwa kuti ndine mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Mauwa. Za nyumba yanga mukuzidziwanso, poti ndaidandaula kambiri muno. Chiswe chinamaliza phaso, denga linatsikira m'kati, ndipo mvula ikamagwa timayendayenda ndi mphasa kufunafuna pouma. Chaka chino akazi anga ndi oyembekezera. Ataona mitambo yayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Chiradzulu, anandiuza mosapita m'mbali kuti mwana wawo si chule woti akulire m'madzi.

Ndiye ndinayamba ulendo wofuna nyumba.

Lendi ndi mawu achilendo kwathu kuno. Makolo athu akafuna nyumba ankadula mitengo, akazi n'kumweta udzu, mowa n'kufululidwa, anansi n'kubwera, mwezi usanathe munthu wagona m'nyumba mwake. Nanga lero mitengoyo ili kuti mu Chiradzulu muno? Udzu wofolera tikuchita kugula. Anthu tachulukana, chimanga chikumera mpaka m'khonde. Kuwonjezera apo tabwera ife osamukasamuka, aphunzitsi, makalaliki, atelala, ogwira ntchito kuchipatala, anthu amene sitingamange pamalo poti mawa tikhoza kutumizidwa kwina. Tonse tikufuna pogona. Ndipo poti tinalawako sukulu, tonse tikufuna kugona m'njerwa.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Njuli, kumene mwini sitolo wina anali ndi kachipinda kuseri. Ndinapeza tili atatu ofuna kachipinda komweko, ndipo kankanunkha palafini ndi nsomba zouma. Mtengo wake atautchula, tonse atatu tinayamba kuyang'ana matayala a njinga zathu ngati aphwa. Pobwerera ndi pamene mphunzitsi mnzanga anandinong'oneza kuti m'mudzi wina kutsidya kwa mtsinje kuli nyumba ya njerwa zootcha, yofolera malata, yopanda munthu. Ndinaganiza kuti akundiseka. Nyumba ya malata yopanda munthu, masiku ano?

Koma inalipodi. Ndinaiona ndili patali, malata akung'anima pakati pa nthochi.

Mwini wake ndi a Malita, mayi wokalamba, wamfupi, wa maso akuthwa, mmodzi wa aja anabwera ali pamsana kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Nyumbayo anawamangira ndi mwana wawo Lusiyano, amene amagwira ntchito ku Halale. Kiyi wake amamumangirira m'khosi pamodzi ndi kolona, moti potsegula anachita kuwerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda chitseko.

M'katimo munali mozizira bwino. Pabalaza pansi pa simenti, zipupa zopaka njereza, mazenera oti munthu n'kuona amene akubwera asanaodire. M'chipinda china munali madengu a nandolo. M'chipinda china nkhuku inali itakhalira mazira, ndipo inandiyang'ana ndi diso loti yayamba ndi iyo kufika. M'chipinda chachikulu munali bedi wachitsulo, watsopano, wosagonedwapo.

"Nanga inu mumagona chipinda chiti, amayi?" ndinafunsa.

"Ine? Muno?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Tabwerani muone."

Tinazungulira kuseri. Kumeneko kunali kanyumba ka mitengo ndi dothi, kopendekeka, udzu wake wakuda ndi kukalamba. Ndinasuzumiramo ndipo ndinaona thambo kudzera m'denga. Kunena zoona, nyumba yanga ya kusukulu ndi yabwinopo.

"Kwanga ndi kuno," anatero a Malita.

"Chifukwa chiyani, amayi, pamene mwana wanu anakumangirani nyumba yotere?"

"Aphunzitsi, mukufunsa ngati munabadwira ku Ulaya. Amayi anga atamwalira, nyumba yawo tinaitani? Tinagwetsa. Achemwali anga atamwalira chaka cha njala chija, nyumba yawo ili kuti? Pamenepo pali mbatata lero. Ndiye ine ndilowe umu, nkhalamba yatha kale ngati ine, mawa andipeze ndauma pabedi paja, alongo anga a Yosefe abwere ndi anthu kudzagwetsa? Mwana wanga wasenzera matumba zaka zonsezi kuti agule malata amenewa. Ayi. Ndikafera kuseri kuno, agwetse kameneka, sikadzaliritsa munthu."

Mwambo umenewu tonse timaudziwa: nyumba imene mwaferamo mwini wake siima, imagwetsedwa maliro akatha. Koma sindinaganizepo kuti mwambowu ungathamangitse munthu wamoyo m'nyumba mwake.

Pamenepo mpomwe kupimidwa kwanga kunayambira. A Malita anati nyumba yosagonamo munthu imawonongeka, makoswe amaiyesa yawo, ndiye anali okonzeka kundilowetsa pa mtengo woti ngakhale mphunzitsi sangalire nawo. Koma panali lamulo limodzi.

"Musaferemo."

"Ndiyesetsa, amayi."

"Musayesetse. Lonjezani. Tatsokomolani ndimve."

Ndinatsokomola. Anatchera khutu, mutu atapendeketsa.

"Bambo anu alipo?"

"Anatisiya kale."

"Chinawatenga n'chiyani?"

"Anagwa mu mtengo wa mango."

"Inu mumakwera mitengo?"

"Ayi."

"Mowa?"

"Pa Khirisimasi pokha."

"Pa Khirisimasi muzikagona kwa amene wakupatsani mowayo."

Zonse zinkayenda bwino mpaka nditatchula kuti akazi anga ndi oyembekezera. Nkhope ya a Malita inasintha. Anayamba kusisita kiyi uja ndi chala, ndipo ine ndinaona malata aja akundithawa. Kenaka anati, "Nthawi ikayandikira muwatengere kuchipatala cha mishoni msanga, asadikire kuti ziyambire muno. Akabwera ndi mwana m'manja, ndidzawaphikira ndekha madzi osamba." Ndinalonjeza ndi mtima wonse, poti ndi zomwe tinapangana kale kunyumba.

Pobwerera ndinaseka ndekha njira yonse, mpaka amayi ena ochokera kudimba anandipatukira. Koma kusekako kutatha ndinayamba kuwerenga m'mutu nyumba za njerwa zimene ndikuzidziwa m'dera lino, ndi anthu amene amagonamo. Abale anga, nkhaniyi si ya a Malita okha.

Chiyambire kutha kwa nkhondo, aliyense wagwidwa ndi matenda a njerwa. Wobwera ku usilikali akufuna njerwa. Wobwera ku Joni akufuna njerwa. Mnyamata akapita kukafunsira mbeta, atsikana a masiku ano safunsanso ngati amatha kulima. Amafunsa ngati kwawo mvula imamveka padenga. Amene sangathe kuotcha njerwa akuumba zidina n'kupaka njereza kunja kuti odutsa azinamizika. Ndikudziwa munthu wina amene ndalama zinamuthera atagula malata okwana mbali imodzi yokha, ndipo anafolera mbali yoyang'ana kumsewu. Mbali ya udzu ndi imene iye amagona.

Sindikuwanyoza. Inenso ndikagona ndimalota malata. Koma ndi malipiro a uphunzitsi, ndikayamba kugula limodzi limodzi, lomaliza ndidzagula loyamba litachita kale dzimbiri.

Tsono taonani kumene njerwazi zikumangidwa. Ife kuno mwamuna ukakwatira umapita kukakhala kwa mkazi, ndiwe mkamwini. Nthaka ndi ya akuchikazi. Tsiku limene mawu adzakule m'nyumba, udzangouzidwa kuti tengani bulangete lanu, njira mukuidziwa. Kale zimenezi sizinkapweteka kwambiri, poti unkasiya mitengo ndi dothi. Nanga lero ndani angaotche njerwa pa nthaka ya apongozi? Alipo mmodzi ku Ndunde amene analimba mtima n'kumanga, koma anauza mmisiri kuti misomali ya padenga asaikhomerere kwambiri. Akazi ake anamva. Kuyambira pamenepo, akangoyambana pang'ono, mayiyo amatuluka panja n'kuyang'ana kudenga, n'kufunsa ngati abwereke makwerero.

A pa esiteti ndiye musanene. Munthu wa thangata, wolipira malo ndi ntchito, amange njerwa pa malo amene angathamangitsidwepo chaka chilichonse? Amamanga kanyumba koti akachoka asatembenuke.

Ndiye mnyamata wochenjera amachita zomwe anachita Lusiyano: amakamanga kwa amayi ake, pa nthaka ya mbumba yake, pamene palibe angamuloze njira. Zanzeru ndithu. Koma iye mwini ali ku Halale, akazi ake ali kwawo ndi ana, ndipo amene watsala kuti agonemo ndi nkhalamba imene ikuopa kuferamo. Mapeto ake, nyumba zabwino kwambiri m'boma lino mukugona nkhuku ndi nandolo, pamene ife ofuna pogona tikulimbirana kachipinda ka palafini ku Njuli.

Mabanja ena apeza njira zawo. Amalola nkhalamba kugona m'njerwa, koma ikangodwala amainyamula kupita nayo kukhitchini. Ndinamva za bambo wina amene anatulutsidwa chotero, mphepo ya panja itamuwomba anachira, n'kubwerera m'nyumba akutukwana. Patapita nthawi anadwalanso, anamutulutsanso, anachiranso. Tsopano akamva mutu kupweteka sauza munthu. Amangomanga kansalu kumutu n'kunena kuti ndi fasho.

Abambo a ku mishoni amatiuza kuti mwambowu ndi wachikunja, kuti nyumba ikawazidwa madzi odalitsa yayera. Timavomera m'tchalitchi, mitu ikugwedezeka bwinobwino. Tikafika kumudzi timawaza madziwo, kenaka n'kugwetsa nyumbayo.

Ine sindili m'gulu la amene amati makolo anali opusa. Kugwetsa nyumba kunali ndi nzeru zake. Matenda a malemu ankapita ndi udzu wake. Wamasiye sankadzuka m'mawa uliwonse n'kuona khomo limene mnzake ankatulukira. Ndipo chachikulu, nyumba yogwa palibe amene amaikanganira. Koma mwambowu unapangidwira nyumba ya mitengo ndi dothi, imene chiswe chikanaigwetsabe. Sunapangidwire nyumba imene munthu waigula ndi msana wake kudziko la eni. Tasintha nyumba, mwambo tausiya momwemo, ndipo amene akulipira ndi nkhalamba zathu.

Lamulungu titatuluka m'Misa ndinawasakasaka a Yosefe, alongo awo a a Malita aja, amene ndiwo mwini mbumba. Ndinkayembekezera munthu woopsa wonyamula nkhwangwa. Ndinapeza kabambo kowonda, ka jekete lalikulu kuposa thupi, kakugula fodya wofwenkha.

"Atsibweni," ndinatero, poti ndi mmene aliyense amawatchulira, "kodi n'zoona kuti achemwali anu akafera m'nyumba ya njerwa ija mudzaigwetsa?"

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ndi manja ati, aphunzitsi? Awa? Njerwa zija ndinathandiza nawo kuotcha, ndikuzidziwa. Khasu lingathyoke."

"Ndiye bwanji osawauza kuti alowe?"

"Ndinawauza kalekale. Ndinati tidzangozula chitseko n'kuotcha kaudzu pakhomo, mwambo udzakhala wachitika. Koma akudziwa zimene ine ndikudziwa. Nyumba ikhoza kuima, koma adzalowemo ndani? Akazi a Lusiyano? Aja amaopa ndi kadzidzi yemwe. Adzati usiku akumva apongozi akusinja m'chipinda. Anthu odutsa azidzalambalala. Nyumba idzakhala ya mileme, ndipo kuteroko n'kugwetsa komwe, kungoti kochedwa."

Anafwenkha fodya wake, n'kuwonjezera motsitsa mawu: "Komanso mnyamatayo sanagonemo n'kamodzi komwe. Anangokhoma lata lomaliza, tchuthi n'kutha, n'kukwera sitima. Achemwali akufuna adzaipeze monga anaisiyira."

Tinasamukiramo Lachiwiri. Nkhuku ija inakana kuchoka, ndiye tinagwirizana kuti chipinda chimenecho n'chake mpaka itaswa. Akazi anga anayenda chipinda ndi chipinda akugwira zipupa, ndipo ndinaona kuti ulemu wanga pabanja wakwera kuposa tsiku limene ndinakhoza mayeso a uphunzitsi.

Lachinayi masana mvula yoyamba inagwa, ya mphepo, yosachita kufunsa. Ife tinakhala pabalaza, ouma, tikumwetulirana ngati olemera. Kenaka akazi anga anapita pazenera la kuseri, n'kuima pamenepo akusuzumira kunja. Nditapita kukaona, madzi anali akulowa m'kanyumba kaja kuchokera pamwamba ndi pansi pomwe. A Malita anali atakhala pa mtondo pakati pa nyumba, lichero lili pamutu.

Chimwemwe chonse chinandithera, ndipo ndinachita manyazi. Ife alendo tili m'nyumba ya mwana wawo, iwo ali pansi pa lichero.

Akazi anga sanandifunse. Anafunda chitenje n'kuthamangira kuseri, mimba ili patsogolo. Zimene anakambirana kumeneko sindinazimve, koma ndikuganiza kuti anawaopseza kuti iwonso akhala pamvulapo mpaka a Malita atanyamuka. Posakhalitsa anatulukira onse awiri atafunda tsamba limodzi la nthochi.

Pakhonde a Malita anaima. "Pano pakwana," anatero. "Khonde si m'nyumba."

"Mphepo ikukupezani pamenepo, amayi," anatero akazi anga. " Lowani muothe moto pang'ono. Masana ano palibe amene afe."

"Wakuuza ndani, mwananga?"

"Aphunzitsi. Anawerenga m'buku."

A Malita anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu mwaulemu wonse wa ntchito yanga. Anapukuta mapazi nthawi yaitali, ngati akulowa m'nyumba ya mzungu, n'kulowa.

Tinawakhazika pampando pafupi ndi mbaula, tinawafunditsa bulangete. Mvula inakula. Inu amene simunakhalepo pansi pa malata mvula ikugwa, dziwani kuti simungamve mnzanu akuyankhula. A Malita anakweza maso kudenga, kukamwa kuli yasa. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka misozi.

"Ndiye phokoso limeneli ndi limene mwana wanga akuvutikira ku Halale?" anakuwa kuti timve. "Akanandiuza, ndikanamuimbira chitini."

Anasekabe pang'ono, kenaka anatambasula dzanja n'kugwira chipupa. Anachisisita pang'onopang'ono. "Sichinyowa," anatero, osauza aliyense.

Mvula inayamba kuchepa, phokoso lija linasanduka kanyimbo. Moto unawalowa m'mafupa. Tinaona mutu ukuwezuka, maso akutsekeka, ndipo posachedwa a Malita anali m'tulo, m'nyumba yawo, koyamba chiimangire. Akazi anga anandikodola kuti ndisapange phokoso. Ine mumtima ndinkati nkhani yatha bwino, ndapeza zolemba sabata ino.

Mwadzidzidzi anadzidzimuka. Anayang'ana denga, anayang'ana ife, n'kugwira pachifuwa.

"Ndinagona?"

"Pang'ono pokha, amayi."

Anaimirira msangamsanga, bulangete n'kugwa pansi. Nkhope yawo inali ya munthu amene watsala pang'ono kuswa chinthu cha mwini. "Mukanandidzutsa," anatero. "Tulo ta nkhalamba sitidziwika kumene tikathere."

Tinawachonderera. Akazi anga anawagwira dzanja. Iwo anachotsa dzanjalo mofatsa, anatola tsamba lawo la nthochi pakhonde, n'kutsika m'matope kubwerera kuseri. Mvula inali isanaleke.

Dzulo ndinapita kukagula udzu, ndipo mawa ine ndi a Yosefe tikwera pakadenga kaja kukatseka mmene tingathere. Ndikudziwa kuti ndinalonjeza zosakwera mitengo, koma denga silinatchulidwe. Kupitirira apo palibe chimene mlendo wa lendi angachite. Mawu amene angawalowetse mayi aja m'nyumba si anga, si a alongo awo, si a abambo a ku mishoni.

Ndikumva kuti nyuzi ino imafika mpaka ku Halale ndi ku Joni, ngakhale itafika itakulunga sopo. Ndiye ndikulankhula ndi inu anyamata nonse amene mukutumiza malata kumudzi. Musanagule lata lina, munayamba mwakhala pansi ndi amayi anu ndi atsibweni anu n'kunena poyera kuti nyumbayo n'njogonamo, n'njodwaliramo, ndipo tsiku likadzafika n'njoferamo, ndi kuti inuyo mudzalowamo pambuyo pake osaopa?

Ndipo inu a Lusiyano, ngati mukuwerenga: nyumba yanu ili bwino, sikudontha paliponse, ndikugonamo ndine. Pemphani tchuthi mubwere mudzandithamangitse, ndidzatuluka mosadandaula. Mvula ya chaka chino yangoyamba kumene, ndipo amayi anu akugona m'madzi kuseri, kukusungirani nyumba.